Atsikana Satsika pa Mbenji

MUTU 6

1. Lonjezo la pa Chikombe

Lenard anali asanakwerepo boti chibadwire. Kwawo ku Chitala madzi aakulu amene ankawadziwa anali a mumtsinje nthawi ya dzinja, ofika m'chiuno basi. Koma m'mawa umenewo pa doko la Chikombe ndiye anali patsogolo, uku akuloza, uku akulamula, ngati munthu wobadwira panyanja.

Gulu lawo linali la achinyamata a mpingo, anyamata asanu ndi atsikana anayi. Ulendo unali wa ku Meponda, kutsidya kwa nyanja m'dziko la Mozambique. Mpingo wa kumeneko unawaitana kuti akachite chitsitsimutso ndi kuthandiza kufolera tchalitchi. Abusa anali atatsogola kale ndi malata pa galimoto, kudzera njira yozungulira nyanja. Achinyamatawo anatsala m'manja mwa matroni wawo, Mayi Charity.

Atsogoleri anali awiri, Lenard kwa anyamata ndi Pauline kwa atsikana. Awiriwa anakulira mudzi umodzi, ndipo anayimbira kwaya imodzi kuyambira ali ana.

Komatu gululo linangotsala pang'ono kupasuka lisananyamuke. Masiku amene anagona kunyanja pokonzekera ulendo, atsikana ndiwo ankatunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale. Nanga anyamata? Aaa, iwo anali otanganidwa kwambiri. M'mawa gitala, masana mpira wa pamchenga, akatopa gitala uja.

Dzulo lake Pauline anakwiya mpaka kumanga chikwama.

"Ife sitinabwere kudzakhala antchito anu," anatero. "Ngati ku Mozambique zikakhale chonchi, ife tonse anayi tikubwerera kwathu lero lomwe. Mupite nokha ndi gitala wanuyo."

Lenard anachita mantha. Popanda atsikana kwaya inalibe mawu apamwamba, ndipo sewero limene anakonza kukaonetsa ku Meponda likanafera pomwepo. Anamugwira chikwamacho.

"Pauline, tandimvera. Kuyambira mawa, chimene chakugwerani inu chatigwera tonse. Mukagona ndi njala, ifenso tigona ndi njala. Sitikusiyani nokha pa chilichonse. Ndikulonjeza pamaso pa a matroni."

Pauline anatula chikwama.

Mayi Charity sanasekerere. Anawakhazika onse pansi pa mtengo.

"Ana inu, ndamva lonjezo, ndipo ndi lokoma," anatero mayiwo. "Koma ndikuuzeni. Ine ndayenda ndi magulu ambiri a achinyamata. Palibe gulu limene linapasuka chifukwa cha nkhondo yaikulu. Amapasuka pa tinthu ting'onoting'ono. Wina wadya osasiyira mnzake. Wina wapeza pogona pabwino, wangoti chete. Kumene mukupitako anthu sakamvera kwambiri zimene mukayimbe. Akayang'ana mmene mukukhalirana. Akaona kuti mnzanu akuvutika inu mukuseka, adzati Mulungu wa ana awa ndi wa pakamwa. Iwe Lenard, mawu amenewo wayankhula uli pamthunzi, wakhuta. Udzawakumbukire tsiku limene thupi lako lidzafune zina."

"Ndamva, mayi," anatero Lenard, msanga kwambiri.

2. Mwera

Mwini boti anali Che Binali, msodzi wa imvi zake, wolankhula mofatsa. Anawaveka onse majekete oyandama, nayang'ana kum'mwera nthawi yaitali asanalize injini.

Poyamba zinali bwino. Anayimba, anajambulana, Macdonald mnzake wa Lenard mpaka anaimirira kuvina. Koma mtunda utayamba kuchepa kumbuyo, mphepo ya mwera inadzuka. Nyanja inada. Boti linayamba kukwera ndi kutsika, likatsika n'kumenya madzi kuti phwa! Nyimbo inathera pakati.

Woyamba kusanza anali ndani? Mkulu wolamula uja. Lenard anagwira m'mphepete mwa boti ndi manja awiri, mutu uli kunja, tiyi yense wa m'mawa n'kubwezera nsomba. Macdonald anamuseka, koma sanamalize kuseka, nayenso anatsatira.

Madzi ankalowa ndi funde lililonse. Che Binali anaponya zigubu ziwiri zodula pakati.

"Kapani madzi! Osaleka!"

Pauline anatola chimodzi. China anatola mnyamata wina. Onse anali atanyowa mpaka m'kati, akunjenjemera.

Koma amene anawopsa anali Lilian, wamng'ono pa onse. Iye anali ndi mphumu. Kuzizira kutamulowa, chifuwa chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Mayi Charity anamukumbatira, namupopera mankhwala ake m'kamwa. Anapezako bwino pang'ono, kenako anayambanso kubanika.

"Che Binali, mwanayu sali bwino!" anakuwa mayiwo.

"Ndaona, mayi. Lero sitiwoloka chonchi. Tikabisale kuseri kwa chilumba cha Mbenji mpaka mphepo igwe."

Lenard anadzutsa mutu. Patsogolo panali chilumba cha miyala ikuluikulu, utsi ukufuka, maboti a asodzi atandandalika. Mtunda! Nthaka yosagwedezeka! Anangotsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

3. Malamulo a pachilumba

Che Binali anaponya nangula chapatali ndi miyala, poti mafunde akanaliswa botilo akanaliyandikiza. Ngakhale kuseri kumeneko boti linali kuvinabe. Mkuluyo anakweza dzanja kuti onse amve.

"Ana anga, tamverani bwino. Chilumba ichi chili ndi malamulo ake, ndipo sindinawaike ndine. Ndinawapeza, bambo anga anawapezanso. Pano sipafika mowa. Sipafika chamba. Juga ayi. Ukaona njoka uilambalale, osaipha. Ndipo munthu wamkazi saponda pa Mbenji, kaya ndi kamwana, kaya ndi nkhalamba, kaya ndi mkazi wa bwana. Ine ndine Msilamu, inu ndinu Akhristu, koma pa malamulo awa tonse timamvera chimodzi. Musandinyengerere kuti nditsitse mwana wodwalayu ngakhale phazi limodzi. Wallahi, mtima ukundiwawa, koma ndikatero a komiti ya pachilumba andithamangitsa pano, ndipo ana anga amadya za pachilumba chomwechi."

Atsikana anayang'anana. Nkhope zawo zinagwa.

"Ndiye ife tikhala muno mpaka liti?" anafunsa Pauline.

"Mpaka mwera utagwa, mwanangu. Mwina masana, mwina mawa. Mwini wake Mulungu ndiye akudziwa."

"Nanga amuna?" anafunsa Macdonald, maso ali mwee.

"Amuna amatsika. Koma inunso ndikuchenjezeni. Munthu wochoka m'mafunde akaponda pouma, thupi limamunamiza. Miyendo imalefuka, maso amalemera. Ndaona amuna a ndevu zawo akuti ndingokhala pang'ono, n'kudzuka dzuwa litapendeka. Wopita kumtunda apite ndi ntchito, aichite ali chiimire, abwere. Ndiponso muno mukufunika manja. Nangulayu sakugwira bwino, ine sindichoka pa injini. Madzi akufunika okapa."

4. Fulasiki

Lilian anali kunjenjemera, milomo itauma. Mayi Charity anasolola fulasiki m'chikwama. Munalibe kanthu.

"Kwawo akabanika chonchi amamupatsa madzi otentha, amapezako bwino," anatero. "Apite mmodzi. Lenard, tenga. Ukapemphe madzi otentha kwa asodziwo, ubwere msanga."

Che Binali anaimba likhweru. Msodzi wina anabwera ndi bwato kudzamutenga. Bwatolo lisanagunde n'komwe boti, Macdonald anali atadumphiramo kale.

"Ndikamuthandize kunyamula," anatero.

"Kunyamula fulasiki?" anafunsa Pauline. "Yalemera liti?"

Anyamata atatu otsalawo anaimiriranso. Wina anati akufuna kukadzithandiza. Wina anati mutu ukumuzungulira. Onse anayang'ana Lenard, poti mtsogoleri anali iye. Akanangoti khalani, akanakhala.

Pauline anaika chigubu pansi. Manja ake anali atatuwa ndi madzi.

"Lenard, dzulo unati chiyani?"

"Sitikuchedwa, Pauline."

"Sindinafunse zimenezo. Ife sitingatsike. Si kufuna kwathu. Inu mukatsika nonse, muno mutsala atsikana atatu okapa madzi, mmodzi wodwala ndi a matroni. Pita iwe wekha monga anenera mayi. Enawa akhale."

Funde linanyamula boti n'kulitsitsa. Lenard anagwiranso m'mphepete mwa boti ndi manja awiri. Anayang'ana anyamata aja, nkhope zili zomvetsa chisoni. Anayang'ana miyala youma ija. Anaopanso kuti akawakaniza, adzamunena kuti amalamulidwa ndi atsikana.

"Asiyeni akapume pang'ono," anatero. "Tikabwera ndi mphamvu, ndiye tidzakulandirani inu mupume. Mphindi zochepa chabe."

Pauline anatola chigubu chija n'kuyambanso kukapa, osamuyang'ananso.

Bwato linayenda maulendo awiri. Anyamata onse asanu anatsika.

5. Kuseri kwa thanthwe

Abale inu, kukoma kwa nthaka! Lenard atangoponda pamwala anamva ngati wabadwanso. Pansi panali phee.

Pafupi ndi madzi panalibe moto, mphepo ikanauzimitsa. Msodzi uja anawalozera kanjira kokwera pakati pa miyala. Anakwera, nakhotera kuseri kwa thanthwe lalikulu. Kumeneko mphepo sinkafika. Kunali kotentha bwino, dzuwa likuwala, utaka utayanikidwa pa matandala. Boti lawo silinkaonekanso.

Asodzi anawalandira bwino. Mkulu wina, a Sulaiman, atamva za mwana wodwala anateleka ketulo nthawi yomweyo.

"Pepani, madzi ndangothira kumene," anatero. "Dikirani awire. Khalani pansi, alendo. Mlendo saimirira ngati wodzalanda katundu."

Lenard anakumbukira mawu a Che Binali. Anakhala chiimire. Anzake anali atadzigwetsa kale pamwala wofunda, akubuula ndi kukoma.

"Akulu, mukudikira sitampa ya boma kuti mukhale pansi?" anatero Macdonald. "Madziwo sawira msanga chifukwa choti inu mwaimirira. Takhalani apa."

A Sulaiman anawotcha utaka pamakala, nawaza mchere. Fungo lake linamupeza Lenard m'mimba mopanda kanthu. Analandira nsomba imodzi ali chiimire. Yachiwiri anadya atanjuta. Yachitatu anadya atakhala.

"Atsikana aja tiwatengereko," anatero, pakamwa pali todzaza.

"Tiwatengera, usadandaule," anayankha Macdonald. "Ndipo iwe umawaopa kwambiri. Lamulo la pano tinaika ndife? Ifeyo tikavutike dala chifukwa choti iwo sangatsike? Pauline ndi wolongolola basi. Mawa aiwala."

Ketulo inawira. A Sulaiman anadzaza fulasiki, naikamo masamba a tiyi ndi shuga, natsanulira anyamatawo wotsalayo m'makapu. Lenard anatseka fulasiki bwinobwino, naikumbatira pachifuwa. Inali yofunda. Mwala unali wofunda. Tiyi anatsika m'mimba, thupi lonse linamasuka.

"Ndingomaliza kapuyi," anatero.

A Sulaiman anaitanidwa kukathandiza kusoka ukonde, nachoka. Lenard anatsamira thanthwe. Anatseka maso kuti chizungulire chithe.

6. Boti lopepuka

Lenard anadzidzimuka ndi ntchentche pamlomo. Mthunzi wa thanthwe unali utawafika kumapazi. Anzake anayi anali lambalamba, Macdonald akuliza mkonono.

"Mayo ine! Dzukani! Dzukani inu!"

Anathamanga kutsika kanjira kaja, fulasiki ili m'manja, mpaka kudzikhumudwitsa chala pamwala. Mphepo inali itachepa. Boti lawo linali pomwe analisiya, ndipo mtima wake unakhala pansi pang'ono. Anakuwira bwato, nakwera ndi anzake awiri oyamba.

Ali m'njira anaona kuti botilo layandama pamwamba kuposa kale. Anawerenga mitu. Unali umodzi.

Che Binali anali atawerama, akukapa madzi okha ndi chigubu. Pamene panakhala atsikana panali matabwa onyowa. Zikwama zawo panalibe.

"Che Binali, ali kuti?"

Mkuluyo sanafulumire. Anataya madzi, nakapanso, natayanso. Anadikira mpaka bwato litabweretsa otsalawo. Kenako anawongoka.

"Mwadzuka, mabwana?"



"Mwana uja anafika poipa," anatero Che Binali. "Maso anayamba kutembenuka. Mayi anu analira. Atsikana atatu aja anakapa madzi mpaka manja kuchita matuza, uku akusinthana kumugwira mnzawo. Tinakuitanani. Ine ndinaimba likhweru mpaka milomo kuuma. Wa bwato uja anali atapita kukaonjola ukonde wake, panalibe womutuma. Mtsikana wamtali uja, Pauline, anaimirira apa, pamene mwaima inupo, nakuwa dzina lanu. Lenard! Lenard! Anakuwa mpaka mawu anamuthera. Asodzi a m'maboti awo anamumva onse. Inu nokha ndiye simunamve. Anayesa kukuimbirani foni, inalira m'chikwama chanu muno momwe."

Lenard anayang'ana fulasiki ili m'manja mwake. Anafuna kuibisa, koma analibe poibisa.

"Ndiye ali kuti tsopano?"

"Panadutsa boti la mphwanga, lopita ku Chikombe ndi nsomba. Kubwerera kumtunda n'kosavuta, mphepo imakukankha kumbuyo. Silikanadikira, nsomba zikanawonongeka, ndipo mwanayo sakanadikiranso. Mayi anu anamukweza kuti athamangire naye kuchipatala. Insha Allah afika bwino."

"Nanga enawo? Pauline sakudwala. Bwanji sanatsale?"

"Mayi anu anawafunsa. Anati amene akufuna kupitiriza ulendo atsale, anyamata abwera. Mtsikana wamtali uja anangotola chikwama chake. Anzakewo anamutsatira."

Lenard anakhala pathabwa lonyowa. Manyazi anamugwira, oti sanawamvepo chibadwire. Misozi inatuluka pamaso pa anzake, ndipo sanaipukute.

"Sanasiye mawu alionse?" anafunsa motsitsa.

"Mayi anu anasiya. Anati abusa akudikira ku Meponda ndi malata, anthu a kumeneko akonzeka, ndipo inu si ana. Anati mtsogoleri alipo, aganize yekha chochita."

"Nanga Pauline?"

Che Binali anapukusa mutu.

"Ndinamufunsa. Ndinati mwanangu, ndikawauze chiyani anzako? Anangoloza pakhosi. Mawu analibe, anathera pa dzina lanu."

Macdonald anakanda m'mutu, nayesa kuseka, koma sizinatheke bwino.

"Aaa, koma zachitika basi," anatero. "Lilian ali ndi a matroni, achira. Ife tipitirire. Kufolera tchalitchi ndi ntchito ya amuna kale. Tikabwerera, abusa achita manyazi pamaso pa eni dziko. Ndipo ukuganiza kuti ku Chikombe akatilandira ndi nthungululu? Pauline sakakuyankhula n'komwe."

"Koma tinanyamuka tili asanu ndi anayi," anatero mnyamata wina chapansipansi.

"Ndiye tizilira mpaka mawa?"

Anayamba kukangana, awiri mbali iyi, awiri mbali iyo. Che Binali anawasiya. Anapita kutsogolo kwa boti, nakoka chingwe cha nangula mpaka chitsulo chinatuluka m'madzi. Boti linayamba kutembenuka lokha pang'onopang'ono. Mkuluyo anabwerera pa injini, naikoka, inalira.

"Mphepo yagwa," anatero. "Tikanyamuka pompano, ku Meponda tifika kusanade. Ku Chikombe ndi pafupi, koma tikabwerera kumeneko ine sindiwolokanso sabata ino, ndili ndi ntchito zanga. Mafuta ndili nawo a njira imodzi."

Onse anayang'ana Lenard, monga anamuyang'anira m'mawa uja bwato litafika.

Che Binali anagwira chiwongolero.

"A mtsogoleri, ndikudikira inu. Ndiloze kuti?"